Bondo la Atate ndi Chilembo Chosalankhula

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene bondo la atate linauma. Tinali titangobwerera kwathu ku Angonia kuchokera ku Dedza, komwe tinathawira nkhondo, ndipo atate ankanyamulira amalonda katundu pa njinga ku Kalomwe. Tsiku lina anagwa ndi matumba a mbatatesi, mwendo n'kuthyoka. Fupa linalumikizana bwinobwino, koma atawachotsa chikhakha bondo linakana kupinda. Amayi ankaphika pawu, buledi wathu wa kuno, koma pawu yekha sakanatha kudyetsa banja lonse. Tonse tinkadziwa kuti mwendo umenewu ukapanda kudzuka, njala itipeza.

Tinamva kuti ku mishoni ya Fonte Boa kwafika airima ena achilendo, asisitere odziwa za mafupa, koma Chipwitikizi sankachidziwa, ankalankhula Chingerezi chokha. Atate anandiuza kuti ndikwere nawo ngolo ndikawatanthauzire. Ndinanyada zedi, chifukwa Chingerezi changa cha ku Malawi chinali chisanandithandizepo kanthu. Kusukulu anzanga ankangondiseka nacho.

Airima aja anagwira bondo, n'kulankhula pang'onopang'ono. Ine ndinamva liwu loti need, lomwe ndinkalidziwa bwino kuti ndi kufuna. Ndinatanthauzira mokweza, khosi lili njo.

"Akuti mwendowu mukuufuna m'mawa uliwonse."

Atate anandiyang'ana. "Tayenda mtunda wonsewu kudzamva zimenezi? Uwauze kuti ndimaufunanso madzulo."

Odwala amene anali pakhonde anafa nacho chiseko. Ndinachita manyazi kwambiri moti ndinangozyolika, ndipo m'kuzyolikamo ndi mmene ndinaonera manja a airima. Ankafinya mnofu wa pantchafu, kuukankha ndi chikhatho, kuubweza, n'kuufinyanso. Manja otere ndinkawaona tsiku lililonse m'beseni la amayi. Pomwepo ndinakumbukira aphunzitsi athu a ku Dedza akulemba pabolodi mawu oyamba ndi chilembo cha k chomwe sichitchulidwa. Panali knee, bondo, panalinso knead. Awiriwo, need ndi knead, pakamwa amamveka chimodzimodzi.

"Atate, sindinamve bwino. Akuti bondoli tizilikanda."

"Silikundiyabwa ine."

"Osati ndi zikhadabo, atate. Kukanda kwa ufa."

Amayi, amene anabwera nafe pa ngolo, anawomba m'manja. "Basi? Bambo a Rozina, mukanandiuza kalekale kuti ndinu ufa!"

Kuyambira tsiku limenelo, akatha kukanda ufa wa pawu n'kuuvundikira kuti ufufume, amayi ankadzola mafuta m'manja n'kutembenukira kwa atate. Ine ndinkagwira chidendene monga airima anandionetsera, kwinaku ndikukumbutsa amayi malo oyambira ndi pothera. M'nyumba munkanunkhira yisiti ndi utsi wa nkhuni, panja chisanu cha ku Angonia chikuluma. Atate ankakuwa, kuitana amalume awo omwe anamwalira kale, mpaka anansi ankasuzumira kuti kwagwanji. Amayi sankamva chisoni. Ankangoti ufa wosakanda bwino sufufuma, n'kupitiriza.

Mvula isanagwe, bondo linayamba kupinda. M'mawa wina ndinawaona atate akupukuta njinga ija, akupopa matayala, kenako anakwera n'kuzungulira bwalo, akuyenda mokhotakhota ngati mwana wophunzira. Amayi anaimba nthungululu ufa uli m'manja. Ine ndinalira, ndipo sindinabise. Ndinamva pambuyo pake kuti ku Kalomwe atate ankauza aliyense, ngakhale osafunsa, kuti ali ndi mwana amene amamva ndi zilembo zosalankhula zomwe.

Lero ndimaphunzitsa Chingerezi ku Ulongwe. Tikafika pa liwu loti knead ndimawauza ana kuti limagwira ntchito pa ufa, pa dongo la woumba mbiya, ngakhalenso pa thupi la munthu lomwe lauma. Ndimawauzanso chimene ndinachizindikira pakhonde paja, kuti khutu lokha limanamiza, pomvera munthu uziyang'ananso manja ake. Atate anapalasa njinga mpaka imvi zinati mbuu, ndipo sindichita manyazi kunena kuti mwendo umenewo tinaudzutsa awiri, amayi ndi ine.