Tsiku Limene Ndinatama Dzuwa

Ine ndi sukulu ya uphunzitsi tinasiyana mwamtendere. Akuluakulu a ku mishoni anandiitana nandiuza kuti ine ndi masamu sitidzamvana pansi pano, ndipo pokhala munthu wosakonda mikangano, ndinavomera. Ndinatuluka ndi bokosi la malata, buluku loyera limodzi, ndi Chingerezi chokwanira kulonjera mzungu mpaka chiganizo chachitatu. Kupitirira pamenepo zinali m'manja mwa Mulungu.

Vuto linali amayi. Kwathu, kufupi ndi Khonjeni, amayi anali atauza mudzi wonse, ndi alendo otsika sitima omwe, kuti mwana wawo akubwera ndi choko m'manja. Anali atayamba kale kunditchula aphunzitsi, ngakhale pondituma kukatsekera mbuzi. Kufika pakhomo ndi bokosi pamutu n'kunena kuti andichotsa, ndinaona kuti kungakhale kupha munthu masana. Choncho ndinapangana ndi mtima wanga kuti kwathu ndidzapondako ntchito ili m'manja, kuti mawu oti "sukulu ndasiya" adzafike ataberekedwa kumsana kwa mawu oti "ndine kalaliki".

Ndinamva kuti pa esiteti ina ya tiyi kuseri kwa phiri akufuna kalaliki wamng'ono. Bokosi ndinalisiya kwa msuweni wanga ku Makwasa, ndinavala buluku loyera lija, ulendo kunyamuka.

Za poyambira nkhani sindinade nazo nkhawa. Mphunzitsi wathu wa Chingerezi anatiuza kuti mzungu safunsidwa za kunyumba. Usamufunse mmene ana adzukira, usatchule mkazi wake, usafunse ngati chifuwa cha agogo ake chinatsika. Yamba ndi nyengo, tama tsiku, akamwetulira ndiye ulowe m'nkhani. Ine lamuloli ndinaliloweza monga vesi. Njira yonse ndinkayeserera. Ndinalonjera mitengo ya bulugama, ndinalonjera mbuzi ziwiri, ndipo palibe amene anadandaula.

Unali mwezi wa Novembala, mvula itachedwa. Fumbi lofiira linkafika m'mawondo. Tiyi m'minda anali atatuwa, timitsinje tili mchenga wokhawokha, othyola akubwerera ndi madengu oti pansi pake pakuoneka. Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa. Koma mutu unali m'Chingerezi, ndipo m'Chingerezi changacho kunali kutacha bwino.

Pakhonde la ofesi ndinapeza akalaliki aakulu, bambo wachikulire wa Chilomwe, magalasi ake omanga ndi ulusi. Anawerenga kalata yanga ya ku mishoni mosafulumira, kenaka anayang'ana kumwamba napukusa mutu.

"Dzuwali, mwana wanga," anatero. "Latipsereza."

"Eya," ndinayankha mwachidule. Mawu anga ndinali nditawasenza ngati mtsuko wodzaza, sindinafune kuti atayikire pakhonde.

"Mukalowamo mukayamba bwanji, aphunzitsi?"

"Ndakonzeka, bambo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Chabwino. Wokonzeka salangizidwa. Tiyeni."

Bwana tinampeza ataimirira pawindo, atatipatsa nkhongo, akuyang'ana thambo. Khosi lake linali litasupuka ngati mbatata yootcha. Patebulo panali kabotolo kamizeremizere koyezera mvula, m'kati mwake muli kangaude wakufa. Munthu wanzeru akanafunsa mumtima kuti kangaude wafera bwanji m'botolo la mvula. Ine ndinavula chipewa, ndinagunditsa zidendene, ndi kutsegula pakamwa.

"Good morning, sir. It is a very fine day. The sun is beautiful."

Ndiye kuti: mwadzuka bwanji bwana, lero kwacha bwino zedi, dzuwali ndi lokongola. Ziganizo ziwiri zoyambazo zinali za mphunzitsi. Chachitatucho ndinapeka ndekha panjira, ndipo ndinkachinyadira ngati mwana woyamba.

Cholembera cha akalaliki, chimene chinali chitayamba kukanda pepala, chinaima. Bwana anatembenuka pang'onopang'ono.

"Wati chiyani iwe?"

Anafunsa m'Chinyanja! Chopindika ngati mpini wa khasu, koma Chinyanja ndithu. Palibe amene anandichenjeza kuti mzungu wa tiyi amakhala nacho chilankhulo chathu m'thumba. Koma kusukulu anatiphunzitsa kuti woyesa mayeso akapanda kumva, bwereza mokweza ndi momveka bwino. Ndinabwereza. Mokweza. Mawu oti byutifulu ndinawakoka kuti amveke kukoma kwake.

Akalaliki anavula magalasi naphimba maso ndi chikhatho.

Bwana sanakalipe, ndipo zimenezo ndiye zinandiopsa koposa. Anatenga chipewa chake pakhoma. "Tiye."

Tinatsetsereka, iye patsogolo, ine pakati, akalaliki pambuyo ngati operekeza maliro. Tinafika ku nazale, kumene amalera mbande za tiyi pansi pa timadenga ta udzu. Mizere inali yaitali mpaka kutsidya, ndipo yambiri inali itafiira. Anthu ankabwera ndi madzi m'zitini za palafini kuchokera kumtsinje wakutali, akathira, nthaka n'kumeza osasintha ndi mtundu womwe. Bwana anawerama nazula mbande imodzi. Muzu wake unali wouma ngati mchira wa khoswe. Anandiika pamphuno.

"Byutifulu?"

Anazula ina. "Byutifulu?"

Otunga madzi aja anatula zitini kuti aonere bwino. Mayi wina anafunsa mnzake m'Chilomwe kuti wa buluku loyerayu walakwanji, mnzakeyo atamufotokozera anagwira pakamwa.

"Kwanu mwabzala?" bwana anandifunsa.

Pamenepo m'pamene maso anga anatseguka, mochedwa monga mwa mwambo wawo. Kwathu chimanga cha mbewu chinali chikadali kudenga. Ndinkadziwa kuti amayi m'mawa uliwonse akutuluka m'nyumba n'kuyamba ayang'ana kumwera, kumene kumachokera mvula ya chiperoni, asanalonjere munthu. Ndinabadwira m'zimenezi. Ndinali mwana wa mlimi woimirira pamaso pa mlimi, nditangomuuza kuti mdani wake ndi wokongola.

"Sitinabzale, bwana."

"Nanga?"

Chiganizo chachinayi ndinalibe, m'Chingerezi ngakhale m'Chinyanja.

"Ntchito ufuna, eti? Ilipo. Dzuwa ulikonda, khala nalo." Analoza zitini ziwiri ndi mtengo wosenzera, nabwerera ku ofesi.

Akalaliki anatsalira pang'ono. "Mbewu zimenezi zinabwera pa sitima yapamadzi, aphunzitsi, kenaka ya pamtunda. Munthuyu sabata zitatu sakudya bwino. Mukanangonena zimene mayi anu amanena akatuluka panja, bwenzi pano mutakhala pampando. Ine ndinakuyambirani pakhonde paja. Inu munati eya."

Ndinasenza. Kubwerera ndikanabwerera kuti? Pofika tsiku lachitatu buluku loyera lija linali litalowa mpingo wa dothi la Thyolo, ndipo silinatulukemonso. Phewa linatupa, kenaka linasupuka, kenaka linavomera. Anzanga apamzere ankanditchula a Byutifulu, ndipo dzuwa likafika paliwombo wina ankafuula kuti, "A Byutifulu, alonjereni achimwene anu, afika!" Ndinkadzitonthoza kuti bola kwathu sakudziwa. Ndinaiwala kuti msuweni wanga anali ndi mkazi, ndipo mkaziyo anali ndi pakamwa.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndili chowerama pamtsinje, ndikukumba mchenga kuti madzi asonkhane, ndinaona mapazi awiri amene ndikanawazindikira pakati pa mapazi chikwi. Chitini chinandipulumuka. Amayi anali atayenda kuchokera ku Khonjeni, kamtolo pamutu. Anatula, anakhala pamwala, nayamba kudzipepesa ndi nsonga ya nsalu. Ine ndinaimirira ndi mtengo paphewa, kudikira kulira.

"Dzuwali," anatero amayi.

"Latipsereza, amayi."

"Chitsime cha kumunsi chija chauma. Tikutunga kwa azakhali ako."

Anapitiriza. Mbuzi yaikazi yaswa awiri, mmodzi wafa. Nandolo wa chaka chatha wafumbwa. Mitambo inasonkhana Lachiwiri koma mphepo inaibalalitsa. Ine ndinkayankha, ndipo ndinazindikira kuti ndakhala pansi, mtengo ndatula, mpweya ukulowa bwino. Za sukulu sanatchule. Anandizungulira monga mmene munthu amazungulirira nkhuku yoti agwire, akumwaza madeya.

Kenaka anati, "Nanga madziwa mukupita nawo kuti, aphunzitsi?"

Ndinaulula zonse: masamu, bokosi, pangano langa la ukalaliki. Amayi ankangogwedeza mutu, osadabwa mpang'ono pomwe. Ndinayamba kuganiza kuti ndapulumuka.

"Tsono mzunguyo unamuuza chiyani kuti akupatse zitini?"

Ndinamasulira ziganizo zitatu zija mokhulupirika, monga munthu wophunzira.

Amayi anasiya kudzipepesa. Anandiyang'ana, anayang'ana dzuwa, anayang'ana mchenga umene ndinkakumba.

"Unati chiyani?"

Ulendo uno sindinabwereze.

"Mu Novembala? Pamaso pa munthu woti mbewu zake zikufa? Iwe! Sukulu anthu amachoka, amalume ako anathawa ali mu Sitandade 1 ndipo ali ndi nkhokwe ziwiri. Koma kutama dzuwa! Ndinakubereka ine kapena anandisinthira kumtsinje?"

Uaphunzitsi unathera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo ndinabwerera kukhala iwe.

Anamasula kamtolo kaja natulutsa chinangwa chophika. Ndikudya, anazula udzu wouma m'mbali mwa mtsinje, anapota nkhata, naiika paphewa langa pamene panasupuka.

"Kumudzi ndikanena kuti sukulu anakuchotsa," anatero akumanga nsalu. "Zimenezo ndingathe kuzisenza. Zadzuwazi zithere pamtsinje pano, wamva? Azakhali ako asadzamve."

Mpando wa kalaliki wamng'ono ndinaukhala mvula itagwa, akalaliki aakulu atandinenera kwa bwana kuti munthu woti wasenza zitini mwezi wathunthu osathawa angathe kusenzanso cholembera. Amayi anasunga mawu awo. Kwathu mpaka lero amandidziwa monga munthu amene analephera masamu, ndipo ine ndimavomera ndi mutu wowerama, mothokoza.