Chikho chomwe ndinakwechetsa ndi phulusa

Patangotha chaka chivotereni matipate, kwaya ya mayi Nachisale inatiposa pa mpikisano wa kutchalitchi kwathu, chakufupi ndi Bembeke. Kugonjako ndikanapirira. Koma polandira chikho, mayiwo ananena anthu onse akumva kuti ine ndimaimba ngati mbuzi yokodwa m'chingwe.

Chikhocho chinkanyezimira ngati siliva, koma nditachinyamulako ndinamva kuti n'chopepuka. Mlongo wanga, mphunzitsi wa sayansi, anali atandiuzapo kuti zikho zotere n'zapulasitiki. Amangomatapo fumbi la chitsulo losalala kuposa ufa, mopyapyala kuposa khoko la anyezi.

Lamlungu lotsatira ndinawapatsa moni ndi manja awiri. "Mayi Nachisale, nkhungu ya kuno imadetsa siliva. Muzichikwecha ndi phulusa ndi mchenga, ngati poto."

"Zikomo achemwali, inu ndiye mulibe kaduka," anatero.

Anakwechadi, ndi mphamvu zonse za mlimi wa kachewere. Siliva yense anatsalira pachiguduli, chikho n'kutuluka chotuwa ngati chidebe chakubafa. Nditamva ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo ndisaname, ndikakumbuka ndimasekabe.

Chimene sindinaganizire n'chakuti chikhocho sichinali chawo mpaka kalekale, chinkapita kwa opambana chaka ndi chaka. Chaka chinacho tinapambana ndife. Mayi Nachisale anandipatsira m'manja, mpingo wonse ukuona, wojambula zithunzi ali chire.

"Landirani, achemwali," anatero akumwetulira. "Ndachisamala monga munandiphunzitsira."