Ulusi Wobiriwira ndi Wabulauni

Ndinagwira ntchito yamagetsi pamgodi zaka zambiri popanda munthu kudziwa kuti maso anga sasiyanitsa chobiriwira ndi chabulauni. Ngakhale mkazi wanga sankadziwa, ankangoti sinditha kusankha zovala. Pansi pamgodi mawaya anali onenepa ngati chala, ndipo ambiri anali ndi manambala. Pamene panalibe nambala ndinkayesa ndi mita kawirikawiri, anzanga n'kumandiyamikira kuti ndine munthu wosamala. Ine ndinkangovomera.

Mgodi utachepetsa anthu, ndinakhala pakhomo ku Amaveni miyezi ingapo, ndikukonza mawailesi ndi masimbi a anthu a mulaini mwathu. Tsiku lina kunabwera mwana wamkazi wa mlongo wanga. Iyeyu anaphunzira zamakompyuta ku Gweru, ndipo anali ndi kakampani kake koika faiba m'maofesi ndi m'masukulu. Chichewa amachimva chonse, koma akafulumira pakamwa pamatuluka Chishona, ndipo ine amanditcha sekuru, monga mmene anthu akuno amatchulira malume.

"Sekuru, manja anu sanjenjemera," anatero ataona ndikuwotcherera kawaya ka wailesi. "Bwerani ndikuphunzitseni ntchito yanga."

Anandiphunzitsa patebulo m'nyumba mwake ku Mtapa, ku Gweru komweko. Faiba ndi ulusi wagalasi wochepa ngati tsitsi, ndipo mkati mwake mumadutsa kuwala osati magetsi. Kuti ulusiwo ulowe m'makina, umaulumikiza ndi pigitelo, kachingwe kafupi kamene mbali ina kali ndi mutu wolowetsa, mbali ina ndi ulusi chabe. Umasenda, kupukuta ndi sipiriti, kudula ndi kampeni kake, kenako makina ena amawotcherera magalasi awiriwo kukhala amodzi. Anandichenjezanso za kusankha. Pali mapigitelo a mitu yabuluu, yodulidwa mowongoka, ndi a mitu yobiriwira, yodulidwa mopendekeka, ndipo ukawakumanitsa kuwala kumatayika. Zimenezo sizinandivute chifukwa ndinkawerenga zilembo za papaketi. Mapigitelo amene ndinkaphunzirira onse anali achikasu, moti ndinaganiza kuti ntchitoyi ndaipeza bwino.

Ntchito yanga yoyamba yaikulu inali pakamgodi ka miyala ya kuromu kufupi ndi Lalapanzi. Ankafuna kulumikiza ofesi ndi kanyumba ka pasikelo yopimira malole, mtunda woti munthu amayenda n'kutuluka thukuta. Kebulo anali ataikwirira kale. Mwana wa mlongo wangayo anati iye amalizitsa mbali ya ku ofesi, ine ndimalizitse ya kusikelo. Anandipatsa makina amodzi owotcherera ndi paketi ya mapigitelo khumi ndi awiri.

Nditasenda kebulo ija, ndinasuzumira mkati. Munali timaulusi khumi ndi tiwiri, kalikonse ndi mtundu wake, popanda nambala iliyonse. Mapigitelo nawonso anali amitundumitundu. Lamulo linali losavuta: wabuluu ndi wabuluu, wofiira ndi wofiira, mpaka kumaliza. Ndinatuluka nazo pakhomo pamene panali dzuwa. Ena ndinawazindikira, koma awiri ankaoneka ofanana ndendende. Foni inali m'thumba. Ndinaigwira, n'kuisiya. Ndinadziuza kuti wooneka woderako ndiye wabulauni, ndipo ndinawotcherera.

Ntchitoyo inaoneka bwino. Ndinapinda timaulusi m'kabokosi kake mwaudongo, n'kutola tizidutswa tagalasi ndi selotepi kuti tisalase munthu. Dzuwa litapendeka tinayatsa makina mbali zonse, koma kanyali kosonyeza kuti zalumikizana sikanayake. Panja malole anali pamzere, fumbi lili koboo, ndipo kalaliki wa pasikelo ankangoyang'ana ine.

Mwana wa mlongo wanga anabwera wapansi kuchokera ku ofesi. Sanafunse zambiri. Anandipatsa katochi kofanana ndi cholembera, kamene kamaponya kuwala kofiira mu ulusi.

"Lowetsani pa nambala yachitatu ya pakabokosi. Ine ndibwerera, ndikuimbirani."

Ndinadikira nditakhala pachitini cha penti. Foni italira anati, "Kuwala kwatulukira pa nambala yachinayi. Mwasinthanitsa wobiriwira ndi wabulauni."

Atafikanso ndinali nditakonzeka kunena kuti m'kanyumbamo munali mdima. Koma anatenga mapigitelo awiri otsala m'chikwama chake, n'kuwaika pachikhatho changa.

"Wobiriwira ndi uti, sekuru?"

Ndinayang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinati, "Sindikudziwa, mwana wanga. Sindinayambe ndadziwapo chibadwire."

Mawu amenewo ndinali ndisanawanenepo kwa munthu. Ndinkayembekeza kuti anena mwaulemu kuti ndikapume kunyumba. Koma iye anakhala pansi pafupi nane.

"Zaka zonse zija pamgodi?"

"Zonse."

"Nanga bwanji simunandiuze? Mnzanga wina kusukulu anali chimodzimodzi, pano akugwira ntchito bwinobwino. Hazvina basa, si nkhani imeneyi. Choopsa n'kungoganizira. Mukakayika, imbani."

Kalaliki uja anati tingosinthanitsa zingwe zapatsogolo kuti malole ayambe kuyenda. Mwana wa mlongo wanga anavomera kuti titero kwa kanthawi, ndipo kanyali kanayakadi nthawi yomweyo. Koma anakana kuti tichoke zili choncho, poti munthu wodzakonza mtsogolo adzasokonezeka. Malole atatha, anatulutsa timapepala tomata n'kulemba manambala pa ulusi uliwonse ndi pa pigitelo iliyonse, kuyambira wani mpaka thwelofu. Kenako anandibwezera makina.

"Thyolani awiriwo, muwotchererenso. Manja ndi anu, ine ndingoyang'ana."

Ndinathyola, kusenda, kupukuta, kudula. Ulusi woyamba ndinaudula mokhota ndipo makina anaukana. Wachiwiri unalowa. Atayeza ndi mita yake anandionetsa nambala n'kunena kuti mfundo zimene ndinawotchererazo zaposa zake. Sindikudziwa ngati ankanena zoona, koma ndinamva mapewa akutsika, ndipo njala imene sindinaimve tsiku lonse inandigwira mwadzidzidzi.

Tinagula mabanzi ndi zakumwa pagolosale ya pamsewu, n'kudyera m'galimoto. Pobwerera ankandifunsa mafunso ngati mwana: msipu ndimauona bwanji, nanga maloboti a mumsewu? Ndinamuuza kuti ndimayang'ana nyali imene yayaka, yapamwamba kapena yapansi. Anaseka, nanenso ndinaseka.

Kuyambira pamenepo, kebulo iliyonse amayamba waimata manambala iye kapena aliyense amene ali pafupi, ndipo katochi kofiira kaja anandigulira kangakanga. Mkazi wanga ndinamuuza Lamlungu lotsatira tikuchokera kutchalitchi. Anaima pamsewu, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anafunsa ngati ndikudziwa mtundu wa nyumba yathu, imene ndinaipaka penti ndekha. Ndinati ndi yabulauni. Anati ayi, ndi yobiriwira, ndipo anthu a mulaini akalondolera mlendo amatchula nyumba yathuyo.