Msana wa Mayi Eyiti

Mayi Eyiti amasita zovala pa kashopu kochapira, pakati pa wometa ndi wokonza mafoni. Tebulo lawo lili pakona, msana kukhoma, maso kukhomo. Ukangoti uwadutse kumbuyo, simbi m'mwamba: "Iwe! Dutsa kumaso kuno, ndiwe mfiti kodi?" Mumsewu ukawatsata amaima n'kukupatsa njira, olo utakhala mbuzi.

Dzinalo analitengera ku bwalo. Ali mtsikana ankathamanga mpikisano uja wozungulira bwalo kamodzi. Bwalo limakhala ndi maleni eyiti, ndipo wa mu leni eyiti, yakunja kwenikweni, amamuimika patsogolo pa onse. Osadziwa amati amukondera. Kumukondera kwa chiyani? Suona munthu. Umangomva mapazi kumbuyo, phaphapha, osadziwa ngati ali kutali kapena afika kale pakhosi.

Amene ankawaphunzitsa anali achemwali awo. Iwowo sankathamanga pambali ayi, ankabwera pambuyo, chifuwa chikulira ngati ketulo, fyoo, fyoo, uku akukuwa: "Ndakugwira, kamba iwe!" Chifuwa chomwecho n'chimene chinawatenga, kutatsala mwezi kuti mng'ono wawo apite ku mpikisano waukulu wa mayiko onse a mbali yathu ino. Anasiya kamwana kakakazi koyamwa.

Ku fainolo anawapatsa eyiti. Mfuti phuu! Mpaka pa kona yomaliza anali patsogolo ndithu. Ndiye anamva: fyoo, fyoo, pakhutu penipeni. Anatembenuka. Achemwali kunalibe, koma atsikana asanu anawadutsa ngati mphepo. Kunyumba anabwerako ndi nambala sikisi ndi dzina lija basi. Iwo anauza aliyense kuti mwendo unakoka.

Kamwana kaja anakalera okha, kanakula kakuwaitana Amayi. Miyendo ndiye ya kumtundu. Chaka chino mtsikanayo anafika fainolo yomweyo, ndipo m'mawa wa tsikulo foni inalira.

"Amayi, musaseke. Andipatsa eyiti."

Simbi inakhala pa malaya a mwini mpaka fungo linatuluka.

"Mwanangu, ukamva munthu akupuma ngati ketulo, usatembenuke."

"Ketulo? Amayi, mwadya koma?"

"Ndi mayi ako okubereka. Ine anandipeza pa kona yomaliza. Si oipa ayi, amangofuna uwaone. Koma ukawaona, mpikisano wathera pompo."

Kenako kamawu kakang'ono: "Nanga akabwera nditani?"

"Sabwera. Ndiwaitanira kuno."

Masana anthu anadzaza kwa wometa, poti ndi amene ali ndi TV yaikulu. Wometayo, mkulu wa pakamwa posatseka, anawerama ngati akulandira nduna: "Mayi Eyiti, khoma lanu ili, talipukuta, msana ukhale mwaufulu!"

Iwo ananyamula kampando n'kukakaika pakhomo penipeni, kumbuyo kwa anthu onse, msana kumsewu. Kumbuyo kwawo kunali khonde lopanda munthu.

Wometa anazimitsa makina pakati pa mutu wa kasitomala. "Abale, lero galu avala nsapato."

Mfuti phuu! Mtsikana uja yekhayekha kunja uko, msana wake uli poyera, asanu ndi awiri akumusaka. Azibambo anayamba phokoso, wina akuti wayamba msanga atopa, wina akuti khala chete iwe sunathamangitsepo ndi nkhuku yomwe.

Kona yomaliza isanafike, Mayi Eyiti anamva. Fyoo. Fyoo. Kamphepo kotentha m'khosi, tsitsi nyau nyau.

"Achemwali, mwafika eti," anatero chapansipansi. "Khalani pompa. Mwana wanu muonereni kuno."

Fyoo. Pafupi kwambiri tsopano. Khosi linkafuna kupotoloka lokha, ngati wina akulikoka ndi ulusi. Zaka makumi awiri osaona nkhope ija, ndipo inali pompo, pa phewa. Anagwira miyendo ya kampando mpaka zala zinachita dzanzi.

Ndakugwira, kamba iwe.

"Eya, mwandigwira. Musandisiye."

Pa TV mtsikana anatuluka pa kona mutu uli chilili, maso kutsogolo ngati anamumanga thabwa m'khosi. Mmodzi yekha wa mu leni folo ndi amene anamudutsa, pa mzere penipeni. Wachiwiri! Wometa anakumbatira kasitomala wometedwa theka uja, wokonza mafoni anagwetsa foni ya mwini.

Patapita kanthawi mtsikana anaimba, akupumira m'mwamba. "Amayi, siliva! Ndipo sindinamve kanthu. Ketulo yanu ija ndi bodza!"

"Ndi bodza, mwanangu. Pita ukamwe madzi."

Anthu anabalalika. Wometa anatenga tsache n'kuyamba kusesa tsitsi. Mayi Eyiti anali pompaja, manja pa kampando, maso pa TV imene tsopano inkaonetsa azibambo oponya nthungo.

"Mayi, mpikisano watha kalekale. Sunthani ndisese pakhomopo."

"Sesani kumasoku," anatero osasuntha khosi. "Kumbuyoku kuli munthu."