Njoka za a Shehata

A Shehata anasema miyala zaka makumi anayi ndi zisanu, koma kuwerenga zolemba zazithunzi za akale zimene ankasemazo ayi. Mawu amodzi okha ndi amene ankawadziwa, ndipo anatitopetsa nawo tonse ku Qurna kuno, mudzi wathu woyandikana ndi manda a mafumu akale. Ukangowapatsa tiyi, basi atola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi: dziwe, mkono, chikhatho, kumapeto mpeni.

"Amake Hamada, akale akafuna kunena kuti kudula ankalemba chonchi. Mpeniwu satchula ayi. Umangoima kumapeto kuti wowerenga aone ntchito yake."

"Ndamva kakhumi konse, achimwene. Imwani tiyi akuzizira."

Ine ndakhala nawo khomo loyandikana kuyambira tili kuphiri mpaka pamene boma linatisamutsira ku nyumba zofananazi. Akazi awo, a Zakiya, anamwalira chaka chomwe tinasamukacho. Mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa ku Suez, amaimba foni pa Idi pokha. Ndiye abale a Shehata anali a ku shedi ya a Azab, kumene amuna asanu ndi mmodzi amakhala pamphasa kusema miyala yogulitsa kwa alendo odzaona malo. Kumeneko ndi kumene ankaseka, kukangana za mpira, kudya nyemba ndi anyezi m'mbale imodzi. Akaweruka ankangokhala duu, ngati katundu woiwalika m'basi.

Vuto linali njoka. M'zolemba za akale muli kanjoka ka nyanga, kamapezeka paliponse. A Shehata akakasema bwinobwino, ankatenga tchizulo n'kukadula pakhosi, kusiya kampata pakati pa mutu ndi thupi. Bambo awo anawaphunzitsa choncho, ati anaziona m'chipinda cha m'manda a akale pansi penipeni: njoka yosemedwa yathunthu imatha kudzuka n'kuluma mwini malo. Munthu wopemphera kasanu pa tsiku, koma pa nkhani imeneyi sukanawauza kanthu.

A Azab ankangoseka nazo. Koma atadwala, shedi anaitenga mwana wawo Mamduh, wa magalasi akuda ndi mafoni awiri.

"Amalume, alendo akukana miyala yanu. Akuti ndi yosweka."

"Yosweka! Uwauze kuti ndawapulumutsa."

"Sindikuseka. Yotsatirayi ikhale yathunthu. Apo ayi, malo anu ndipatsa wina."

A Shehata anandipeza ndikuyanika mikate padzuwa kuti ifufume, n'kundifotokozera. Ine ndinawakalipira, sindibisa. "Inu, mwala unalumapo ndani? Mukachoka kumeneko muzicheza ndi ndani, ineyo? Ndili ndi zochita ine! Semani njokayo, mutsinzine."

Anandimvera. Masiku atatu ali pa mwala umodzi, ndipo njoka inatuluka yathunthu, nyanga zili njo. Anzawo akuti sanaonepo yokongola chotero. Mamduh mpaka anawapsompsona pamutu.

Tsiku lachinayi kunabwera basi ya alendo. Mayi wina woyembekezera, mimba ili kutsogolo, anaukonda mwalawo. Womasulira anati mayiyo akufuna akaupachike pamwamba pa kabedi ka mwana akadzabadwa. Mamduh anali atayamba kale kuukulunga m'nyuzipepala pamene a Shehata anadzuka.

"Tabweretsa, mwana wanga, ndiupukute fumbi."

Anauika pabondo, tchizulo pakhosi pa njoka, kho! Kamodzi kokha. Kenako anaupereka kwa mayi uja ndi manja awiri, akumwetulira. Mayiyo anakuwa, womasulira anayamba kupepesa, alendo onse anatuluka osagula kanthu. Mamduh sanatukwane. Anangoloza pakhomo. A Shehata anakulunga matchizulo awo m'kansanza n'kubwerera kunyumba dzuwa lili paliwombo, wapansi.

Ndinafuna kuwalalatira, koma nditaona mmene ankalowera m'nyumba mwawo, ndinangowasiya.

Papita miyezi isanu tsopano. Amakhala pakhomo, manja ali pamaondo, kuyang'ana msewu. Mwana wanga Hamada amayendetsa takisi, ndipo amadutsa ku shedi tsiku lililonse. Ndikawapititsira tiyi masana, funso ndi lomwelo.

"Hamada wadutsako? Wandifunsa ndani?"

Palibe amene amafunsa. Pamalo pawo panakhala msuweni wa Mamduh, ndipo amuna aja akuseka monga kale. Zimandiwawa zedi, anthu odya nawo zaka zonsezi! Ndinauza Hamada kuti akawauze abwere ngakhale kamodzi. Amunawo anamuyankha kuti Mulungu akalola, basi.

Sabata yatha anandifunsanso, maso ali pa ine, ndipo pakamwa panga panandithawa, bodza n'kutuluka.

"Onse akufunsa, achimwene. Anzanu aja a Gaber ndiye akuti abwera Lachisanu, akatuluka ku mzikiti."

Lachisanu m'mawa ndinamva akusesa pakhomo. Anameta ndevu, anavala mkanjo woyera. Kenako anagogoda kwanga.

"Amake Hamada, tandibwerekani mpando wina ndi tambula yabwino. Zanga zija n'zong'aluka, mlendo sangamwere."