Buku Lonunkha Utsi

Amuna anga atanyamuka kupita ku Halale kukafuna ntchito, anandisiyira mwana wakumsana, khasu latsopano ndi buku limodzi. Linali Uthenga wa Marko, kabuku ka chikuto chakuda kamene anabwera nako kuchokera ku mishoni. Iwo anali obatizidwa kale, ine ndinali ndikadali m'kalasi, kuphunzira za Chikhristu poyembekeza ubatizo. Pondipatsa anangoti, "Mulisunge bwino, ndidzalipeze."

Kusunga ndiye ndinasunga. Kwathu kumapiri a Ntchisi, chinthu chimene sufuna kuti chiswe kapena nankafumbwe achilawe umachipachika kutsindwi, pamwamba pa moto, pamene timamangirira chimanga cha mbewu. Ndinalikulunga m'makoko, ndi kulimanga ndi luzi, ndi kulipachika pompo. Kuwerenga ndinkadziwa pang'ono, poti ndinakhalako pasukulu ya m'mudzi ndisanakwatiwe. Koma buku la mwamuna ndinkaliona ngati uta wake, chinthu chosagwiragwira mwini ali kutali.

Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Anzawo amene anapita nawo anayamba kubwerera ndi mabulangete ndi zipewa, koma iwo ayi, ngakhale uthenga. Kuchitsime anthu anayamba kunditchula kuti mkazi wa mtchona, ena mondimvera chisoni, ena mondiseka.

Tsiku lina atsibweni, mlongo wa amayi anga, amene anali mwini mbumba yathu, anandiitanitsa. "Mwana iwe," anatero, "mkamwini ndi wa khasu. Munda wako wamera thengo, nkhokwe yagwada, nyumba ikudontha. Tikakolola ndiitana ankhoswe ake akusudzule. Kutsidya kuli munthu akukufuna." Munthuyo ndinkamudziwa, anali ndi mkazi kale. Kulowa mitala kunali kutaya banja langa, kutayanso kalasi ndi ubatizo womwe. Pamaso pawo ndinawomba m'manja ndi kuchoka mwaulemu, koma panjira ndinauza chitsa kuti ngati atsibweni amukonda munthuyo, akwatiwe naye iwowo. Sanali munthu woipa atsibweni. Ankaona njala imene ine ndinkakana kuiona.

Patangopita masiku ochepa, akazi a aphunzitsi a m'mudzi mwathu anathawira mvula m'nyumba mwanga. Anali mayi wamfupi, wamaso osaphonya kanthu. Atakhala pamphasa anayang'ana kutsindwi.

"Mnzanga, chimanga chanji chija cha ngodya zinayi?"

Ndinawauza, monyadira ndithu. Anati ndilitsitse. Makoko anali bii ndi mwaye, m'mphepete mwa mapepala munali mutafiira ngati fodya wouma, koma chiswe sichinalawe ngakhale chilembo chimodzi. Mayi uja anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu, ine mtima uli kuwira.

"Musakwiye," anatero atapeza mpweya. "Mwasunga bwino, palibe angakutsutseni. Koma chimanga chija mvula ikagwa mumachitsitsa. Nanga ili mudzalitsitsa liti?"

Funso limenelo linandipsetsa mtima koposa kuseka kuja.

Tinapangana kuti m'mawa uliwonse ndikachokera kotunga madzi, ndisanatenge khasu, ndizikhala pakhonde ndi kuwerenga ngakhale mzere umodzi. Poyamba chinali chintchito. Chala pansi pa liwu, milomo ikugwedera, mwana akukoka chikuto. Pofika kumapeto kwa mzere ndinkakhala nditaiwala chiyambi chake. Kangapo konse ndinafuna kulibwezera kutsindwi, koma Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, amayi tinkakhala kuseri pansi pa mtengo wa msuku, aliyense kunena pamene wakakamira, ndipo sindinkafuna kufika chimanjamanja. Ena mwa amayiwo sankadziwa chilembo n'chimodzi chomwe, koma ndikawawerengera movutikira, iwo ndi amene ankandimasulira. Mayi wina wamasiye anandifotokozera za mkazi wodwala uja amene anakhudza chovala cha Ambuye m'khamu la anthu, ngati kuti anali pomwepo akumukankha kuti afike.

Ndinene zoona, bukulo silinandiuze kuti amuna anga adzabwera. Ndinafufuza, mulibe. Koma ndinapezamo munthu wofesa mbewu, amene amagona ndi kudzuka, mbewu n'kumamera iye osadziwa momwe ikumerera. Nkhani imeneyo ndinaibwereza masiku ambiri. Pang'onopang'ono ndinaleka kutha tsiku ndikuyang'ana kunjira. M'mawa unayamba kukhala ndi chake choti ndidzukire.

Akazi a aphunzitsi aja sanathere pa kuwerenga. Anakauza amuna awo za mawu a atsibweni, ndipo m'mawa wina ndinangoona anthu a mumpingo atulukira ndi makasu. Kwathu dima, kulima kothandizana, limayenda ndi mowa, koma awa analima munda wonse ndi thobwa lokha, akuimba nyimbo za m'tchalitchi, mudzi wonse ukuwaseka. Anadzutsa nkhokwe, anafolera nyumba. Atsibweni anaima m'malire a munda, manja kumbuyo, nati, "Anthu olima osamwa ndayamba lero kuwaona." Titakolola sanaitane ankhoswe. Anangoti tione chaka china, ndipo chisanathe chakacho ine ndinabatizidwa.

Amuna anga anafika m'chilimwe, dzuwa litapendeka. Ndinali kupeta mapira pabwalo nditaona anthu awiri akukwera chitunda, wakutsogolo atagwira ndodo kumutu, wam'mbuyo atagwira kunsonga. Wam'mbuyoyo ndinamuzindikira ndi kayendedwe. Fumbi la laimu la kuntchito linali litawaotcha maso, ndipo manyazi obwera opanda kanthu ndi amene anawachedwetsa. Mwana wawo anawathawa. Ine ndinasangalala ndi kukwiya nthawi imodzi, koma madzi ndinawapatsa.

M'mawa mwake nditachokera kuchitsime, ndinatenga buku mwachizolowezi ndi kukhala pakhonde. Iwo anali pamphasa akuwothera dzuwa, ndipo anamva kulira kwa pepala.

"Mukutsegula chiyani, amayi?"

Ndinaliika m'manja mwawo. Analisisita, analitembenuza, kenako analifikitsa pamphuno ndi kukhala choncho nthawi yaitali.

"Likununkha kwathu," anatero. "Njira yonse ndimadzifunsa kuti ndikalipeza ndidzalichita chiyani, poti maso ndawasiya kwa eni ake."

"Bweretsani kuno," ndinatero.

Ndinatsegula pamene ndinaika kaudzu dzulo lake ndi kuyamba kuwerenga. Sindinafike patali, anandigwira mkono. Misozi inali kutsika m'maso akufa aja.

"Bwererani pachiyambi," anatero. "Musathamange."

Kuyambira tsiku limenelo mpaka pamene tinawaika m'manda, m'mawa uliwonse unali wa pakhonde. Zambiri ankazidziwa pamtima, choncho ndikapunthwa pa liwu ankandikonza, ine n'kuwakalipira kuti wogwira buku ndine, iwo n'kumaseka. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha mvula imene inathamangitsira mayi uja m'nyumba mwanga, ndi chifukwa cha anthu olima ndi thobwa aja. Pakanapanda iwo, amuna anga akanapeza buku lawo lili bwinobwino kutsindwi, pakhomo palibe woliwerenga.