Kukamufunsa Esinati ku Ndunde

Ndinanyamuka ku Limbe Loweruka m'mawa kupita kwathu ku Ndunde. Esinati, mwana wa mlongo wanga, anathamangitsa mwamuna wake chifukwa anamumenya mpaka kumugulula dzino, ndipo tsopano bamboyo amafuna kubwerera. Nkhoswe ya kuchikazi ndine. A Makawa, nkhoswe ya kuchimuna, anandiuza pafoni kuti zonse anapangana kale ndi mlongo wangayo. "Inu mungobwera kudzamufunsa mwanayo, ndi fomalite chabe."

Mawu a Chingerezi amenewa ndimawamva kawirikawiri, koma ndinali ndisanawaganizirepo. Mu minibasi anandiika kutsogolo, mwina chifukwa cha jekete, nandidula fili sauzande kwacha. Titayandikira apolisi a pamsewu, dalaivala anati, "Bwana, kokani lamba." Lambayo analibe pomangira. "Ingomugwirani ndi dzanja, ndi fomalite."

Ndinafunsa kuti fomaliteyo kwenikweni n'chiyani. Mayi wina kumbuyo, atafukata thumba la bonya, ndiye anayankha: "Ndi chinthu chochitira maso a anthu, bambo. Lamulo mwalikwaniritsa, koma tikagubuduka mutulukira pagalasi." Galimoto yonse inaseka. Ine ndinagwirabe lamba wangayo mpaka tinadutsa.

Pa Boma ndinatsika dzuwa litakwera, ndinadya chinangwa chokazinga cha tsabola, n'kukwera njinga yamoto. Msewu unali wafumbi, nandolo atauma m'minda mbali zonse. Ndinafika jekete ija itasanduka yofiira.

Kumudzi ndinapeza mphasa zoyala pansi pa mtengo wa mango, thobwa lili m'ndowa, mkamwini atabwera kale ndi chikwama chake cha zovala. Mwambo wathu umati mkazi afunsidwe pamaso pa ankhoswe, ndipo a Makawa anafunsadi: "Mwakhululuka, eti mayi?" Esinati anati "eya" dzanja lili pakamwa, maso pansi. Amayi ena anali atayamba kale nthungululu.

Mtima wanga unakana. Ndinapempha kuti ndilankhule ndi Esinati kuseri kwa nyumba, a Makawa n'kumayang'ana wotchi.

"Iwe, ukumufuna munthuyu?"

"Atsibweni, mukufunsa zenizeni?"

"Zenizeni."

"Sindikumufuna. Ndikangomva mawu ake panja, ndimachita mantha. Amayi akuti ndikakana, atilimira ndani."

Ndinabwerera pamphasa n'kunena kuti mwana wakana. A Makawa anati ndawachititsa manyazi poti nkhani inali itatha. Ndinawayankha kuti ikanakhala yotha sakanandiitanitsa kuchokera ku Limbe. Mkamwini ananyamula chikwama chake. Thobwa silinamwedwe.

Pobwerera madzulo mlongo wanga sanandiperekeze, ndipo zinandiwawa. Anandiperekeza ndi Esinati mpaka pokwerera njinga. Ulendowu unandiphunzitsa kuti ngakhale mwambo wabwino umasanduka fomalite ngati wofunsa sakudikira yankho. Njinga italira, Esinati anandiuza kuti chiyambireni nkhaniyi, munthu woyamba kumufunsa ndinali ine.